MAKINA OTSUKIRA NDI NTHUNZI: MUSAFULUMIRE KUMASULA CIKWAMA

Nyengo ya malonda ikafika, fodya, soya ndi mtedza zitapita ku msika, ndalama zimakhala m'matumba mwa anthu ambiri a ku midzi, ndipo eni sitolo amadziwa bwino zimenezi. Mukapita ku tauni kapena pa boma mupeza katundu wacilendo ali mbwee. Pakati pa katunduyo pali makina ena amene ogulitsa amawachula steam cleaner, ndiko kuti makina otsukira zinthu ndi nthunzi. Wogulitsa adzakuuzani kuti makinawa amatsuka nyumba yonse, amatsuka galimoto, amapha nsikidzi, ndiponso salira sopo. Ena mwa mau amenewa ndi oona, ena ndi okometsera malonda. Ndalama mwagwirazo zabwera ndi thukuta la caka cathunthu, ndipo feteleza wa caka camawa ali kuziyembekeza. Tsono tiyeni tikambirane za makinawa musanamasule cikwama.

Ketulo yokhala ndi paipi

Musaope dzina lace lacizungulo. Makinawa ndi ketulo cabe, ketulo yotsekedwa zolimba imene aiika paipi. Mumathiramo madzi, magetsi amawiritsa madziwo, ndipo popeza nthunzi isowa potulukira imapanikizana m'katimo. Mukadina kabatani ka pa cogwirira, nthunzi ija imatuluka ndi mphamvu pa kakamwa kakang'ono. Mai ali yense amene anaonapo cibvundikiro cikubvina pa mphika wa nyemba adziwa kale mphamvu imeneyi. Madzi a mu mphika amawira pa madigiri ngati 100 ndipo sapitirira pamenepo, koma m'ketulo yotsekedwa kutentha kumakwera kufika 130 kapena 140. Ndiponso lita imodzi ya madzi ikasanduka nthunzi imafufuma koposa ka 1,600. Ndico cifukwa cace madzi a m'botolo limodzi amakwanira nchito ya theka la ora.

Cimene cimatsuka ndi kutentha. Mafuta ouma a pa mbaula, thukuta lolowerera mu mpando wa galimoto, litsiro la m'mipata ya matailosi, zonsezi zimafewa nthunzi ikazikhudza. Koma gwirani mau awa: makinawa sameza litsiro. Amangolifewetsa, ndipo inu muyenera kutsata pambuyo ndi nsaru youma nkumapukuta. Mukapanda kupukuta, litsiro liumanso pomwepo.

Musawasokoneze ndi makina aja mumawaona pa malo otsukira galimoto ku tauni, opopa madzi ngati mfuti. Amenewo ndi mtundu wina, ndipo ku Ulaya anayamba kudziwika m'caka ca 1950, pamene Alfred Kärcher wa ku Germany anapanga opopa madzi otentha. Mphamvu ya kupanikizika amaiyesa ndi muyeso wochedwa bar. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa 2 bar ndi pang'ono. Makina opopa madziwo amapitirira 100 bar ndipo amatha malita mazana angapo pa ora limodzi, pamene makina a nthunzi a m'nyumba ali ndi 3 kapena 4 bar basi. Cotero ngati bvuto lanu ndi matope a dzinja omatirira kunsi kwa lole kapena ngolo, nthunzi siidzakuthandizani. Ndowa, burashi ndi mnyamata wa mikono ndizo zidzacotsa matopewo.

Kodi kwanu kuli magetsi otani?

Musanafunse mtengo, dzifunseni za magetsi, pakuti kuwiritsa madzi kumadya magetsi ambiri. Makina ang'ono a nthunzi amafuna mawati ngati 1,000, ndipo akuluko amafuna 1,500 kufika 2,000. Babu la masiku ano lounikira cipinda silifika mawati 10. Werengani nokha: makina amodzi adya monga mababu oposa 150 oyaka nthawi imodzi.

Kalembera wa caka ca 2018 anapeza kuti mwa nyumba 100 ziri zonse m'Malawi, zounikira ndi magetsi a pa waya zinali ngati 11 zokha, ndipo zambiri mwa izo zinali za m'tauni. Kuyambira pamenepo mawaya afika pa misika yambiri ya ku midzi, koma ambiri a inu owerenga muli ndi sola ya pa denga, younikira, yochajira foni ndi yomvera wailesi. Sola yotereyo siingawiritse madzi a m'makinawa. Mukakakamiza, invata idzazima kapena kupsa, ndipo batire lidzafa msanga. Tijenereta tija ta mawati 650 kapena 900 nato sitikwanitsa. Pafunika jenereta ya mawati 2,000 kapena kuposa, ndipo pamenepo muwerengerenso petulo. Wina asakunamizeni kuti mudzalumikiza pa soketi ya m'galimoto. Soketi imeneyo ndi ya mavolti 12, ndipo mphamvu yace siifika mawati 200.

Kwa amene muli ndi magetsi a ESCOM, mtengo wa mayunitsi si woopsa. Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 kwa ora limodzi. Makina a mawati 1,500 akagwira ora lathunthu adya yuniti imodzi ndi theka, mwinanso kuceperako, cifukwa cowiritsira madzi cimazima ndi kuyaka cokha.

Ngati kwanu kulibe magetsi a pa waya, sungani ndalama zanu. Komabe musataye nyuzi ino, pakuti pa nkhani ya nsikidzi pali zina zokuthandizani inunso.

Yang'anani nyumba yanu

Pansi pozira ndi dothi nthunzi ipanga matope. Khoma lopaka njereza lisupuka. Simenti yopaka polishi wofiira, imene amai amainyadira, icita zigamba, cifukwa nthunzi imasungunula polishi. Tebulo la vanishi lituwa, ndipo kabati ya matabwa oumba aja a utuci ifufuma. Malo amene nthunzi imagwira bwino ndi matailosi, bafa, cimbudzi ca madzi, mbaula ya citsulo, matiresi, mipando ya nsaru ndi m'kati mwa galimoto. Banja limene liribe zinthu zimenezi lidzagwiritsa makinawa kawiri kapena katatu, kenaka adzagona kunsi kwa bedi kufikira dzimbiri litawadya.

Ife tiona kuti makinawa ndi a nchito yobweza ndalama. Amayenera mwini nyumba yogona alendo pa msika, mwini lesitilanti, woyendetsa minibasi kapena Sienta yonyamula anthu, ndi sukulu yogonera komweko. Amayeneranso mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza sukulu ndipo ali kusowa cocita: akhoza kumayenda nawo pa msika kutsuka mipando ya galimoto ndi matiresi a anthu, namalandira malipiro. A banki m'khonde akhoza kusonkha nkugula amodzi, koma asankhe munthu mmodzi wowasunga ndi kuwagwiritsa. Makina ongopatsirana dzanja ndi dzanja sakhalitsa, ndipo akaonongeka palibe wobvomera.

Musanagule khalani pansi ndi pensulo. Lembani mtengo wa makina, wonjezani waya wautali, nsaru zopukutira ndi mayunitsi. Kenaka funsani eni galimoto a pa msika wanu kuti angalipire zingati pa kutsuka mipando, ndipo mugawe kuti muone galimoto zingati zidzabweza ndalama zanu. Mukapeza kuti pafunika galimoto 100 pamene pa msika wanu pamaima zisanu, yankho mwalipeza. Mitengo ya katundu wocokera kunja imasintha msanga, makamaka ciyambire November 2023 pamene ndalama ya Kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100, cotero funsani m'sitolo zitatu sabata lomwelo mufuna kugula.

Mitundu itatu

Pali kakang'ono konyamula m'manja, kooneka ngati ketulo ya tiyi. Aka ndiko kotsika mtengo koposa, ndipo ndiko kamene anthu ambiri amathamangira. Kamalowa madzi ngati kapu imodzi, mamililita 250 kufika 350, ndipo kamatulutsa nthunzi kwa mphindi ngati khumi. Madzi akatha muyenera kuzimitsa ndi kudikira kuti kazizire musanatsegule. Nkabwino kutsukira mbaula, mipope ya m'bafa ndi malo ang'onoang'ono. Koma kutsukira minibasi yathunthu ndi kameneka kuli ngati kutunga madzi a pa ukwati ndi cikho: dzuwa lidzalowa musanafike pa mpando wa kumbuyo. Ndiponso mkono umatopa, cifukwa mumanyamula madzi ndi makina omwe.

Pali ena a mtengo wautali ngati tsace, okolopera pansi. Amenewa alekeni ngati nyumba yanu iribe matailosi, ndipo ku galimoto alibe nchito.

Acitatu ndi okhala pansi pa timatayala, okhala ndi paipi yaitali. Amalowa madzi lita imodzi kapena imodzi ndi theka, amawira pa mphindi zisanu kufika khumi, ndipo amagwira nchito theka la ora kapena kuposa. Kwa munthu wofuna kutsuka nyumba ndi galimoto yomwe, awa ndiwo oyenera, ngakhale mtengo wace upambana kakang'ono kaja. Alipo ena a tanki yocotsa, imene mumathiramo madzi makina ali ciyakire, osadikira kuti azizire. Amenewo ndi abwino kwa wocita malonda, koma amakwera mtengo, ndipo pa banja sikofunika kufika pamenepo. Musakopeke ndi kuculuka kwa tizipangizo ta m'katoni. Timene mudzagwiritsa tsiku ndi tsiku ndi titatu: kakamwa kosongoka, kaburashi kozungulira, ndi kamutu kotambalala kobveka nsaru.

M'sitolo

Tembenuzani makinawo muwerenge kacikwangwani ka kunsi. Magetsi athu ndi a mavolti 230, cotero payenera kulembedwa 220 kufika 240 V. Makina opangidwira ku America amalembedwa 110 kapena 120 V, ndipo mukawalumikiza kuno apsa nthawi yomweyo. Cenjerani ndi zimenezi makamaka pogula makina akale a pa kaunjika. Onaninso pulagi. Soketi zathu ndi za mano atatu ophwaphwatika, ndipo pulagi yace imakhala ndi fyuzi ya 13 A. Wacibale akakutumizirani makina kucokera ku Johannesburg adzabwera ndi pulagi ya mano ozungulira. Pitani nayo kwa wodziwa za magetsi aisinthe. Cizolowezi cija cotsegula soketi ndi kamtengo nkulowetsa mawaya awiri ndi coopsa pa makina ali onse, koma pa makina a madzi ndi imfa, cifukwa dzino lacitatu lija ndilo limapititsa magetsi pansi akathawa. Waya woonjezera ukhale wonenepa. Woonda uja wotsika mtengo umatentha nkusungunuka, ndipo nyumba zapsapo nao.

Citsekero ca pothirira madzi ndico cinthu cacikulu pa makina onsewo. Cabwino cimakana kutseguka m'kati mukadali nthunzi. Cigwireni, cizungulizeni, muone ngati mazinga ace ali a citsulo ndi ngati kampira ka m'kati kali kathunthu. Funsani wogulitsa ngati kampira kameneka ndi timaburashi zimapezeka padera. Makina ambiri amatayidwa cifukwa ca kampira kamodzi kosowa. Paipi ikhale yosacepera mita imodzi ndi theka, kuti ifike pa mpando wa kumbuyo makina ali panja, ndipo cogwirira cikhale ndi kaloko koti mwana asadine.

Pemphani kuti awayese inu muli pomwepo. Madzi akawira, poyamba patuluka madontho, kenaka nthunzi youma yosadukiza. Akamalabvula madzi osaleka, kapena nthunzi ikamathawira m'mbali mwa citsekero, asiyeni. Wogulitsa wokana kuyesa adziwa cimene ali kubisa. Ndipo musacoke popanda lisiti lolembedwa tsiku, dzina la makina ndi miyezi imene abvomera kukonza kapena kusintha akaonongeka.

Madzi

Yang'anani m'kati mwa ketulo ya kwanu. Mukaona zoyera zomatirira ngati phulusa louma, ndiye kuti madzi a pa mjigo wanu ali ndi mcere wa m'miyala. Zoyerazo zimatseka tinjira ta nthunzi ndipo zimapha cowiritsira. Madzi abwino ndi a mvula osefa pa nsaru yoyera. Akasowa, wiritsani a pa mjigo, muwasiye adikhe, nkutsanula a pamwamba. Mukamaliza nchito, makina atazizira, khuthulani madzi otsala. Kamodzikamodzi tsukani m'kati ndi viniga wosakaniza ndi madzi, ngati kabuku ka makinawo kalola. M'tanki musathiremo sopo, Jik, palafini kapena mankhwala a tizirombo. Zimenezi zikatentha zimatulutsa mpweya woononga mapapo, ndipo palafini akhoza kuyaka.

Nsikidzi

Apa ndipo makinawa amaonetsa ubwino wace weniweni. Nsikidzi zabvuta m'nyumba zambiri, m'sukulu zogonera ndi m'mabasi, ndipo mankhwala ambiri opopera sazipha monga kale cifukwa zinawazolowera. Kutentha kokha sizingakuzolowere. Pa madigiri 50 zimafa pa mphindi zowerengeka, ndipo pa 60 zimafa pomwepo pamodzi ndi mazira ace. Makolo athu anadziwa zimenezi osawerenga madigiri: ankatulutsa bedi pabwalo nkuthira madzi owira m'mfundo zace zonse. Nthunzi icita comweco, koma ndi madzi ocepa, ndipo ilowa m'matiresi ndi m'mipando mmene simungathiremo madzi a mu mphika.

Cinsinsi cace ndi kusafulumira. Nthunzi imazizira msanga ikangotuluka, cotero kamutu kakhale kokhudza nsaru, ndipo muziyendetsa pang'onopang'ono, monga utali wa cikhato pa kupuma kumodzi. Bvekani nsaru pa kamutuko, cifukwa nthunzi yotuluka ndi mphamvu imangouluza nsikidzi zamoyo nkuzimwaza m'cipinda. Tsatani misoko yonse ya matiresi, mfundo za bedi, ming'alu ya matabwa ndi m'mphepete mwa mphasa. Kumene muona timadontho takuda ndiko kumudzi kwao. Mukatha, tulutsani matiresi pa dzuwa aume bwino, pakuti akagonedwa ali ndi cinyezi acita nkhungu ndi pfungo.

Tsiku limodzi silikwanira. Mazira obisika amaswa pa masiku ngati khumi, cotero bwerezani pakatha sabata limodzi, ndiponso kacitatu. Zobvala ndi mabulangete zicapidwe ndi madzi otentha tsiku lomwelo, ndipo ming'alu ya khoma imatidwe. Mukatsuka bedi lokha, za m'khoma zidzabwerera usiku womwewo.

Inu opanda magetsi, madzi owira pa bedi, simbi ya makala yoyendetsedwa m'misoko ya matiresi pamwamba pa nsaru yonyowa, ndi kumata ming'alu, zidzakufikitsani kutali popanda kugula kanthu.

Masikito okha musawayandikize nthunzi kapena madzi owira. Ulusi wace umakhwinyata ndi kutentha, ndipo mankhwala ophera udzudzu amaonongeka. Acapeni ndi madzi ozizira ndi sopo wamba, nkuwayanika pa mthunzi. Tidziwa kuti ena amataya masikito ponena kuti ndiwo amabweretsa nsikidzi. Nsikidzi zimangobisala m'misoko yace monga zibisalira pena pali ponse. Kuluma kwa nsikidzi kumasowetsa tulo, koma malungo amapha ana.

Galimoto

Yambani mwasesa ndi kukutumula pfumbi lonse, cifukwa pfumbi likakumana ndi nthunzi lisanduka matope. Mipando ya nsaru, makapeti, zogwirira zitseko, malamba ndi timipata ta pakati pa mipando ndiwo malo ace. Minibasi imene yanyamula usipa, nkhuku ndi ana osanza imasintha pfungo mukaitsuka cotero. Mukamaliza siyani zitseko zotsegula kuti mipando iume.

Pali malo oyenera kuwalambalala. Nsaru ya ku denga la m'kati inamatidwa ndi guluu, ndipo nthunzi ikasungunula guluuyo nsaru ilendewera pa mitu ya anthu. Pepala lakuda lomata pa magalasi limamatuka. Wailesi, mawochi a pa dashibodi ndi mawaya a kunsi kwa mipando sizifuna cinyezi. Mipando ya cikopa idutseni mwamsanga, kamutu kali kobveka nsaru. M'mamawa wa June kapena July, makamaka ku malo ozizira monga Dedza, musaloze nthunzi pa galasi lozizira. Likhoza kung'aluka, ndipo lokhala ndi kamng'alu kale ndiye lingotheratu. Kunja kwa galimoto tsukani ndi madzi monga mwa masiku onse, cifukwa kupukuta mcenga pa penti kumakanda. Injini muitsuke itazima ndi kuzizira, pa zitsulo za mafuta pokha, kutali ndi bokosi la mafyuzi ndi mawaya. Anzathu a kabaza wa njinga zamoto, musaloze nthunzi pa cheni kapena pa mabering'i, pakuti imacotsa girisi wa m'kati, ndipo mudzagula zatsopano nthawi isanakwane. Pa cinthu ciri conse cimene mukayika, yambani mwayesa pa kamalo kobisika.

Kupsa

Nthunzi imaocha koposa madzi owira, cifukwa ikakhudza khungu nkusanduka madzi imasiya kutentha kwace konse pomwepo. Bvalani nsapato pogwira nchito. Ana akhale kutali, ndipo makina otentha asasiyidwe okha. Musaloze paipi kwa munthu kapena ciweto, ngakhale mwa masewera. Madzi akatha zimitsani, zulani pulagi, dinani kabatani kufikira nthunzi yonse itatuluka, ndipo dikirani mphindi khumi musanagwire citsekero.

Wina akapsa, thirani madzi oyera ozizira pa balalo kwa mphindi 20 osalekeza. Musapakepo mafuta, mazira, dothi kapena mankhwala otsukira mano. Matuza musawaboole. Phimbani ndi nsaru yoyera yosamatirira. Ngati wapsayo ndi mwana, kapena bala liri pa nkhope, pa dzanja, kapena lakula kuposa cikhato ca mwini wace, pitani naye ku cipatala tsiku lomwelo.